Zala Ziwiri za Ba Mulenga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene ndinathyola zala ziwiri za mphunzitsi wanga wa fizikisi. Ndayamba ndi zimenezi kuti tisatayitsane nthawi. Ena akamalemba za ubwana wawo amayamba ndi mvula yoyamba ndi fungo la dothi, cholakwa chawo n'kuchikankhira kumapeto, owerenga atatopa kale. Ine sindinaleredwe choncho, ndipo pa msinkhu uno sindingayambe.

Masiku amenewo ndinkakhala mu George, komboni ya mu Lusaka, kwa amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Bambo atamwalira kumudzi ku Katete, amalumewo anabwera kumaliro, anaona malipoti anga a kusukulu, n'kunena kuti mutu woterewu usathere m'munda wa thonje. Ananditenga. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, ana awo anali asanu, ndiye ine ndinkagona pabalazapo, pakati pa tebulo ndi chitseko. M'mawa ndinkayenera kupinda bulangete anthu asanadzuke, kuti pabalaza paoneke ngati sipagona munthu.

Mu Lusaka muli mawu ena amene munthu wakumudzi sadziwa kuti amaluma mpaka atamugwera iyeyo. Mawu ake ndi kusungiwa. Kwathu kusunga ndi chinthu chaulemu: umasunga mbewu, umasunga chinsinsi, umasunga mwambo. Koma m'makomboni muno wosungiwa ndi mwana amene akudya pakhomo pamene si pa bambo ake. Mlendo akabwera, ba anti, mkazi wa amalume, ankatchula ana awo mmodzimmodzi, dzina ndi giredi, ndipo akafika pa ine ankati, “Uyu timusunga chabe.” Sanali munthu wankhanza, ndisawanamizire. Sanandimanepo chakudya, ndipo yunifolomu yanga ankaichapa limodzi ndi za ana awo. Koma “chabe” ameneyo ankandilowa m'mafupa. Ndikamumva ndinkazembera kuseri kwa chimbudzi n'kumamenya khoma ndi chibakera mpaka khungu kusupuka.

Amalume ankaudziwa mtima wanga. Mwezi wanga woyamba m'tauni ndinamenyana ndi mnyamata wina pampopi chifukwa anasuntha chigubu changa pamzere. Madzulo ake anandikhazika pansi, sanakweze mawu, ndipo anandiuza kamodzi kokha.

“Nakuleta kuno chifukwa cha sukulu. Nikazaona kalata imozi chabe yochoka kuli ba hedi, uzakwela basi ya ku Katete siku yamene iyo.”

Anali munthu wosabwereza zonena. Choncho kwa zaka zitatu ndinkayenda ndi mkwiyo wanga ngati munthu wosenza ndowa yodzaza, kuchoka mu George, kudutsa Lilanda, mpaka kusukulu ku Matero, ndikudziwa kuti ndikangotayako pang'ono sukulu yatha. Ku Katete kunalibe china chondidikira koma khasu. Kusukulu ndinkanena kuti amalumewo ndi bambo anga. Bodza limeneli silinapite patali, chifukwa m'kalasi mwathu munali Kelvin, amene kwawo kunali nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndipo pakamwa pa Kelvin panalibe chitseko. Onse ankadziwa. Ankangoopa kunena ine ndili pomwepo.

Ba Mulenga anabwera pasukulupo tikuyamba Giredi 10. Anali achinyamata, oonda, ochokera ku Kopala, dera la migodi ya kopa, malaya opinda manja, thalauza loyera ndi choko m'mbali mwa matumba. Lamulo la pasukulu linali lakuti m'kalasi ndi Chingerezi chokha, ndipo mwana akagwidwa akuyankhula Chinyanja ankatchetcha udzu. Ba Mulenga ankayamba bwinobwino m'Chingerezi, kenako ankatiyang'ana kumaso, n'kuona kuti tikungogwedeza mitu ngati abuluzi a pakhoma. Apo ankapita kukatseka chitseko n'kuyambiranso zonse m'Chinyanja. Chinyanja chawo chinali chotsimphina, chodzaza Chibemba, ndipo tinkachiseka tsiku lililonse. Nawonso ankaseka. Koma tinkamva. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti zimene zili m'buku la fizikisi ndi zomwezo zimachitika wilibala yodzaza mchenga ikakuthawa pamtsetse.

Ine anandiona msanga. Masamu ndinkawatha, apo sindidzichepetsa. Anayamba kundibwereka buku lawo lalikulu, lachikuto chong'ambika, Lachisanu lililonse kuti ndibweze Lolemba. Ndinkaliwerenga nditakhala pa buloko kuseri kwa nyumba, nkhuku za aneba zikundizungulira. Za kwathu sanandifunsepo, ndipo ine sindinawauze.

Labu yathu inali labu dzina lokha. Mipopi yopanda madzi, makabati a magalasi osweka, fungo la makoswe. Aphunzitsi ena zoyesera ankazijambula pabolodi, n'kutiuza zimene tikanaona zipangizo zikanakhalapo, ife n'kukopera m'makope. Ba Mulenga zimenezi zinkawanyansa. Ankati fizikisi si katekisimu.

Tsiku lake linali Lachitatu masana, mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi kutentha. Analowa atanyamula chinthu chokutidwa ndi chitenge, n'kuchikhazika patebulo mosamala ngati khanda. Atavundukula tinaona felemu yopangidwa ndi miyendo ya desiki yothyoka, ndipo pakati pake panalendewera mipira isanu yachitsulo, uliwonse waukulu ngati ndimu, yokhudzana pamzere umodzi. Mpira uliwonse unali ndi kanati kowotcherera pamwamba, ndipo unkalendewera pa twaini ziwiri za mbedza.

Akukonzakonza twainizo anatiuza kumene zonsezi zinachokera. Bambo awo ankagwira ntchito kumgodi, pachigayo chimene chimaphwanya miyala ya kopa ndi mipira yachitsulo ngati imeneyi. Mipira ikatha n'kuchepa ankaitaya, ndipo bambo awo ankatolako ina kuti ana azisewera nayo. Mdalayo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo pa katundu wake yense ba Mulenga anatengako chitini cha mipira. Anapita nacho kubutchala ya mumsika wa Matero, anapempha sikelo, n'kuyeza umodziumodzi mpaka anapeza isanu yolemera mofanana. Manatiwo anawaotcherera munthu wina wa ku Lilanda wopanga mageti. Felemu anakhoma okha. M'mawa wa tsikulo anakwera nacho minibasi atachifukata pamiyendo, akukangana ndi aliyense wofuna kuchitsamira.

Ndiye anaitana dzina langa, Tembo, kuti ndibwere kutsogolo.

Anandiuza kuti ndikoke mpira wakumapeto, ndiukweze pang'ono, ndiusiye, osaukankha. Unali wozizira m'manja ngakhale kunja kunali kotentha chotero, ndipo unali wolemera kuposa maonekedwe ake. Ndinausiya. Unatsika, unagunda unzake, ke, n'kuima pomwepo ngati wagwidwa ndi dzanja. Itatu yapakati sinasunthe. Koma wa mbali inayo unauluka wokha, unakwera pafupifupi pomwe ndinakweza wanga, unabwerera, ke, wanga uja n'kuuluka. Ke, ke, ke, mpaka pang'onopang'ono yonse inatopa n'kuyamba kugwedezeka limodzi. Ana oposa makumi asanu, tonse maso anali patebulo.

Anati ndikweze iwiri. Iwiri inatsika, iwiri inatuluka mbali inayo. Anati itatu. Apa tonse tinkayembekeza kuti zisokonekera, pakuti yotsala inali iwiri yokha, koma itatu inatuluka ndithu, wapakati uja n'kungopitirira ndi ulendo. Kelvin anati iyi ni juju ya ku Kopala, mipila iziba masamu, ndipo tonse tinaseka. Ba Mulenga ndiwo anaseka kwambiri.

Anafotokoza kuti chinthu choyenda chimakhala ndi zinthu ziwiri zimene tingawerengere. Choyamba ndi momentamu, kutanthauza kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake. Chachiwiri ndi enaji ya kuyendako, yomwe ndi theka la kulemera kuchulukitsa ndi liwiro, kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Zinthu zikagundana, momentamu yonse pamodzi imakhala yomweyo zisanagundane ndi zitagundana. Zikakhala zolimba ngati zitsulo izi, enaji ya kuyenda nayonso imatsala pafupifupi yonse, kupatula kochepa kamene kamathawira m'phokoso ndi m'kutentha. Kuti tione kusiyana, anatulutsa kachibulumwa ka dongo lonyowa m'kapepala, n'kukamata pakati pa mpira woyamba ndi wachiwiri. Nditausiya mpira wanga ulendo uno sipanamveke ke. Unangodzimata padongopo, ndipo isanu yonse inasuntha limodzi mwaulesi. Momentamu ilipo yonse, anatero, koma enaji yambiri yathera pa kuphwatalala kwa dongo.

Anapukuta dongolo n'kufunsa funso. Pa zitsulo zokhazokha, mpira umodzi ukabwera, bwanji sipatuluka iwiri yoyenda ndi theka la liwiro? Momentamu ikanakwanira bwinobwino. Chikuletsa n'chiyani?

Palibe anakweza dzanja. Ine ndinali chiimire pambali pa tebulo, ndipo yankho ndinaliona m'mutu lisanafike pakamwa. Ndinatenga choko popanda kupempha. Ndinati tinene kuti kulemera kwa mpira ndi 1 ndipo ukubwera pa liwiro la 2. Momentamu ndi 2. Enaji ndi theka la 1 kuchulukitsa 2 kuchulukitsanso 2, yomwe ndi 2. Tsopano ituluke iwiri pa liwiro la 1. Momentamu ndi 2, palibe vuto. Koma enaji ndi theka la 2 kuchulukitsa 1 kuchulukitsanso 1, yomwe ndi 1 basi. Theka la enaji lasowa, ndipo palibe dongo loti lathera m'menemo. Ndiye sizingatheke. Kuti malamulo onse awiri akwanire nthawi imodzi, umodzi ukalowa utuluke umodzi, pa liwiro lomwelo.

Ndalemba masamu onsewa kuti mumve kuti mphindi imeneyo inali yotani kwa ine. Zaka zitatu ndili “chabe” pakhomo pa eni, ndiye ndaima kutsogolo kwa kalasi yonse, choko m'manja, ndapeza ndekha chimene palibe anandiuza. Maso a ba Mulenga ankawala. Anayang'ana kuchitseko kuti ndi chotseka, anandiuza kuti ndigwirenso mpira wakumapeto uja tionetse komaliza, n'kundiika dzanja lamanzere paphewa. M'buku, dzina la Chingerezi la malamulo amenewa limatanthauza kusunga, ndipo iwo analitembenuza monga anathera.

“Mwaona ka? Momentamu siitaika, enaji siitaika. Vonse visungiwa chabe. Amene sanamvele afunse Tembo. Uyu aziba bwino za kusungiwa.”

Kenako mawu a Kelvin anachokera pamzere wachiwiri, aulemu kwambiri, ngati akuthandizira phunziro.

“Zoona ba sa, aziba maningi. Ni zaka zitatu manje.”

Kalasi inaphulika. Ena ankamenya madesiki, atsikana anabisa nkhope m'makope, wina kumbuyo anagwa pabenchi. Ndinatembenuka kuyang'ana ba Mulenga, ndipo nawonso ankaseka. Lero ndikudziwa kuti ankaganiza kuti tikuseka Chinyanja chawo monga mwa masiku onse. Tsiku limenelo sindinaganize zimenezo. Ndinaona munthu yekhayo amene ndinkamukhulupirira pasukulupo, dzanja lake lili paphewa langa, akuseka nawo. M'mutu mwanga zinalumikizana mwachangu: buku lija, kundiitana kutsogolo kuja, zonse zinali zondikweza pamwamba kuti pogwa onse aone.

Mpira unali m'dzanja langa kale. Ndinaukoka mwamphamvu, twaini zinandicheka chala zisanaduke, felemu yonse inagwa cham'mbali, ndipo ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse kulunjika pankhope pa Kelvin. Sindinena kuti ndinkafuna kungomuopseza. Ndinkafuna kumuphwanya pakamwa. Ukanamupeza pamphumi, bwenzi nkhani ino ndikuilemba nditachoka kundende, kapena osailemba n'komwe.

Ba Mulenga anatambasula dzanja lamanja kutsogolo kwanga. Sindidziwa kuti anaona bwanji. Phokoso lake linali lofooka, ngati ukathyola chinangwa chachiwisi. Mpira sunadumphire kwina. Unangogwa pamapazi awo n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka pansi pa kabati. Dzanja si chitsulo. Enaji imene ndinaika mumpira uja inathera m'mafupa a chala chaching'ono ndi choyandikana nacho.

Sanakuwe. Anakhala pampando atagwirira mkono pachifuwa, thukuta likutsika ngati awathira madzi. Zala ziwirizo zinali zitaloza kumene zala siziloza. Anapuma kangapo, kenako anatiyang'ana tonse, mzere ndi mzere, n'kunena pang'onopang'ono.

“Twaini yaduka. Mwamvela? Twaini yaduka chabe, mupila wanimenya.”

Anatuma mtsikana wina kukaitana ba hedi. Ba hedi atabwera anamva nkhani ya twaini, anayang'ana felemu ili pansi, anayang'ana chala changa chikutuluka magazi, anayang'ana kalasi. Sanali munthu wopusa, ndipo ankadziwa kuti mpira wongogwa pa twaini suthyola zala ziwiri. Anafunsa ngati pali wina wofuna kuwonjezera. Basi ya ku Katete ndinkaiona bwinobwino. Palibe anayankhula. Kelvin ankayang'ana desiki, pakuti ankadziwa kuti mpirawo unalunjika kwa ndani. Ndiye ba hedi anatembenukira ba Mulenga, ndipo pamaso pathu pomwepo anawakalipira ngati mwana: kuti sukulu si malo otayirako zitsulo za kumgodi, kuti akanapha mwana wa eni, kuti m'buku muli zithunzi zokwanira. Analamula kuti chinthucho chikaponyedwe m'chipinda cha makasu ndi matsache, ndipo sichinatulukenso. Kalata inalembedwa ndithu sabata imeneyo, kalata yochenjeza, koma dzina limene linali pamwamba pake silinali langa.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, ndinatunga madzi, ndinadya, palibe anandifunsa kanthu. Chala ndinati ndadzicheka ndi lata. Masiku otsatira ndinkadzidzimuka aliyense akagogoda pachitseko, ndipo amalume akabwera ku ntchito ndinkayang'ana m'thumba la malaya awo ngati muli emvulopu. Munalibe. Ndinapulumuka.

Ba Mulenga anabwerera patatha sabata, dzanja lili m'pulasitala mpaka pamkono. Ankalemba pabolodi ndi lamanzere, zilembo zokhota, choko chikuthyokathyoka, mzere umodzi kutenga nthawi ya mizere isanu. Palibe ankaseka. Lachisanu belu litalira anati Tembo atsale. Anadikira kuti onse atuluke. Buku lalikulu lija linali patebulo.

“Tembo, sininazibe,” anatero. “Banzako ndiye baniuza. Nenze kukamba za mipila chabe. Unikhululukile.”

Mvetsani bwino apa. Munthu wamkulu, mphunzitsi, zala zili m'pulasitala chifukwa cha ine, kalata yochenjeza ili m'fayilo yake chifukwa cha ine, ndiye akupepesa kwa ine. Panali mawu amodzi okha oyenera kutuluka pakamwa panga, ndipo ndinkawadziwa. Koma amene anatuluka ndi awa.

“Sininakupempheni kuti muname chifukwa cha ine.”

Sanakwiye. Zikanakhala bwino akanakwiya, chifukwa mkwiyo ndinkadziwa kuuyankha. Anangokankha buku lija ndi dzanja lamanzere mpaka linafika mbali yanga ya tebulo. Ndinalisiya pomwepo n'kutuluka.

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zambiri kuti chinandigwira n'chiyani. Sikuti ndinkakhulupirirabe kuti ananditonza dala. Nditangoona nkhope yawo tsiku lija, mpira utachoka kale m'manja, ndinadziwa kuti ayi. Chinali china. Kunyumba ndinkadya chakudya cha munthu wina, tsopano kusukulu ndinali nditakhalira bodza la munthu wina. Choko chikathyoka m'dzanja lawo lamanzere ndinkamva ngati akuuza kalasi yonse kuti uyu ali muno chifukwa cha ine. Iwo sananenepo zimenezo, ngakhale ndi diso. Ndine ndinkazinena m'mutu mwanga, kenako n'kuwakwiyira chifukwa cha mawu amene ndawaika ndekha m'kamwa mwawo.

Ndinasamukira pabenchi yakumbuyo. Akafunsa funso, ngakhale yankho ndikulidziwa, ndinkayang'ana pawindo. Kwa masabata angapo ankanditchulabe dzina, kenako anasiya. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: kuyambira tsiku lija sanayankhulenso Chinyanja m'kalasi. Chitseko chinkakhala chotsegula, Chingerezi kuyambira belu mpaka belu, zoyesera zojambula pabolodi ngati aphunzitsi ena onse. Panali anzanga amene anali atangoyamba kumva fizikisi chifukwa cha Chinyanja chotsimphina chija, ndipo anabwerera kugwedeza mitu. Anzangawo sanaponye kanthu. Chaka chotsatira ba Mulenga anasamutsidwa, ena ankati anachita kupempha okha, ndipo sitinauzidwe kuti apita kuti.

Ine ndinamaliza Giredi 12. Fizikisi ndinakhoza mokwawa. Ku Katete sindinabwerere, chimene ndinkaopa sichinachitike. Ndinaphunzira kuwongola magalimoto ochita ngozi, ndipo lero ndili ndi kagalaji kanga mu Kanyama, mkazi ndi ana anayi. Mtima sunasinthe kwenikweni, afunseni amene amabweretsa magalimoto awo kwa ine. Koma anthu amene ndinamenyana nawo, ambiri tinagwirizana kalekale. Kelvin yemweyo anavina paukwati wanga mpaka nsapato kung'ambika.

Zaka zingapo zapitazo ndinapita m'mawa ku George kukaona ba anti, amene tsopano ndi amasiye, ndipo pobwerera ndinakwera minibasi pa Lilanda yopita m'tauni. Ndinakhala pafupi ndi mdala wina wa imvi, wa jekete lakale koma lositidwa bwino, amene anali kuwindo. Sindinamuyang'ane kumaso, m'minibasi munthu suyang'ana anzako kumaso. Basi itagwera m'dzenje, mdalayo anagwira mpando wakutsogolo ndi dzanja lamanja. Zala zitatu zinagwira. Ziwiri zinatsala chiimire, zokhota, zosapinda.

Ndinayang'ana cham'mbali. Anali atanenepa pang'ono, magalasi m'maso, koma anali iwo. Ine sakanandidziwa, ndi mimba iyi ndi dazi ili.

Kuchoka pa Lilanda mpaka kudutsa msika wa Matero ndinali kukonza mawu. Ndinayamba ndi “ba sa,” ndinaona kuti n'zachibwana. Ndinayamba ndi dzina langa, ndinaopa kuti mwina sakumbukira, kenako ndinaopa kwambiri kuti akumbukira. Ndipo ndikuuzeni zoona, pansi pa zonsezo ndinamva kutentha komwe kuja kukukwera pachifuwa, ngati mdalayu wakwera basi imeneyi dala kuti adzandionetse zala zake. Bambo wa ana anayi, wa zaka zoposa makumi anayi, ndikukwiyira munthu chifukwa choyenda ndi dzanja limene ndinaliphwanya ndine.

Tisanafike m'tauni anagogoda pawindo kuti atsika. Ananditembenukira n'kumwetulira.

“Nipempako njila, ba bosi.”

Ndinapatutsa maondo. Anadutsa, anati zikomo, anatsika n'kulowa m'chikhamu cha anthu. Basi inanyamuka ine ndili chikhalire.

Kwa nthawi yaitali nkhaniyi ndinkaikamba pamowa ngati nkhani ya mnyamata amene anamuputa, ndipo anthu ankati nawenso unali ndi chifukwa. Tsopano ndikuona kuti kuputako kunatha m'mphindi imodzi, ndipo kunali kungophonya kwa lilime. Chimene sindinathe kupirira chinali kuthandizidwa. Wondimenya ndimadziwa chochita naye: timamenyana, timatopa, mawa timapatsana moni. Koma wondichitira chifundo ndilibe pomugwira, ndiye ndimamuthawa, ndipo ndikamuthawa ndimamupezera mlandu kuti kuthawako kuoneke kwanzeru. Ndikudziwanso kuti kulemba m'nyuzipepala n'kosavuta kusiyana ndi kutembenuka m'minibasi n'kutsegula pakamwa, ndiye musandiyamikire. Ndi mantha omwe aja, angovala jekete.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chakhala molakwika nthawi yonseyi, ndipo wochikonza ndine ndekha. Ba hedi aja anamwalira, kalata ija mwina inadyedwa ndi chiswe kalekale, koma ndinene pamene anthu angamve. Ba Mulenga, ngati mukadali moyo ndipo wina wakuonetsani tsamba lino: twaini sinaduke yokha. Ndinaidula ndine, ndinaponya ndine, ndipo woyenera kupepesa Lachisanu lija simunali inu.

Pepani, ba sa.